Matumbo Opanda Bala a Mai Hope

Pamphambano pomwe msewu wafumbi wochokera m'mapurazi, minda ikuluikulu ya fodya, umakumana ndi tala yopita ku Mutorashanga pali butchala, sitolo ziwiri ndi mtengo waukulu wa jakaranda. Kuseri kwa butchalayo ndi kumene Anesi, yemwe aliyense amamutcha Mai Hope, amatsuka zam'kati mwa mbuzi ndi ng'ombe Lachisanu ndi Loweruka. Akatsuka amaphika pomwepo, n'kumagulitsa kwa amuna okumba kuromu m'mapiri, oyendetsa mathirakitala ndi anthu odikira makombi, timabasi ting'onoting'ono. Ashona amati maguru ndi matumbu, iye amati chifu ndi matumbo monga ankanenera bambo ake. Pamodzi pokha ndi pamene anagonja: matumbo okulunga pachifu, amene kwawo ankati nthumbwana, iye amangoti zvinyenze, chifukwa akatchula dzina lakwawolo ogula amamuyang'ana ngati watukwana.

Anesi anabadwira mukomboni ya purazi ya fodya ya m'boma la Guruve. Bambo ake, a Elias, anabwera kuno ali kumsana kwa amayi awo kuchokera ku Dedza, ndipo anakulira m'mabani owotchera fodya mpaka chifuwa chinawagonjetsa. Anali oimba ng'oma pagule, koma Lamlungu ankapezekanso kutchalitchi, pabenchi yakumbuyo. Mwana wawoyu anali wamafunso kuyambira ali wamng'ono. Pa Khirisimasi, mzungu akaphera antchito ng'ombe, atsikana anzake ankathawa fungo, koma iye ankanjuta pafupi ndi amuna osenda, maso ali tong'o. Ankafuna kudziwa chifukwa chake ng'ombe ili ndi zifu zambiri, china chonga thaulo, china chonga zisa za njuchi, china chamasambamasamba. A Elias akatopa naye ankamuuza kuti akafunse ng'ombe yamoyo. Sukulu ya papurazi inamulekeza panjira, koma mafunsowo sanathe.

Purazi itagawidwa kwa eni atsopano, mzungu anachoka, koma mabanja a mukomboni analibe kopita. Kumudzi kumene akuluakulu ankakutchula anali asanakuonepo. Anatsala m'nyumba zomwezo, n'kumachita maricho, ganyu wa tsiku ndi tsiku, m'minda ya amene analandira malo. Anesi anakwatiwa ndi Godfrey, mwamuna wofatsa wa mukomboni momwemo, ndipo anabereka Hope. Godfrey ankathyola fodya nthawi yadzinja, chilimwe ankakwera kumapiri kukakumba miyala.

Chaka chimene kunagwa mliri wa kolera, Anesi anatsegula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati. Godfrey anali kumapiri. Amene anamusamala anali Lucia, mnzake wa paubwana wa nyumba yoyandikana, yemwe ankamumwetsa madzi a mchere ndi shuga ndi supuni, kumuchapira nsalu, ndiponso kumugonekera mwana. Anesi anachira. Koma mimba yake sinabwerere m'malo mwake.

Zinkayamba ndi kupotokola pansi pa mchombo, makamaka kumanzere, ngati wina akufinya chovala chonyowa. Akapita kuchimbudzi ululu unkachepa, nthawi zina kutheratu. Masabata ena ankathamangira kuchimbudzi kangapo dzuwa lisanakwere. Masabata ena m'mimba munkangouma, chimbudzi chotuluka timibulu ngati cha mbuzi. M'mawa mimba inkakhala bwinobwino, koma pofika madzulo inkafufuma mpaka amasule chitenje, ndipo amayi a kutchalitchi anamufunsapo kangapo ngati Hope akupeza mng'ono wake. M'mimbamo munkaliranso mokweza. Anesi sankangomva ululu wokha, ankadabwanso. Akamatsuka matumbo a mbuzi ankawatembenuza ndi kamtengo, n'kumayang'ana m'kati mwake. Mbuzi yodwala ankaidziwa: pena timatuza, pena njoka, pena malo ofiira ngati opsa. Ndiye ankadzifunsa kuti kodi ake akanati awatembenuze chonchi, akanapeza chiyani.

Mankhwala anamwa osiyanasiyana. Anamwa a njoka zam'mimba ogula kusitolo, anamwa makapisozi amene mkazi wina ankagulitsa m'chikwama, anamwa mizu yowawa imene mlamu wake anakumba m'mphepete mwa damu. Chilichonse chinkaoneka ngati chathandiza poyamba, kenako zinkayambiranso. Apongozi ake aakazi ndi amene anayamba kunena kuti izi si zachipatala, ndi chidyiso, kutanthauza kuti wina anamudyetsa kanthu. Anamutengera kwa mneneri wina wa zovala zoyera amene ankapempherera anthu pathanthwe. Mneneriyo anamumwetsa madzi ofunda ambirimbiri mpaka anasanza, kenako anatola m'masanzimo kanthu kakuda kaubweya, n'kuonetsa gulu. Anthu anaimba mokweza. Anesi anasendera pafupi kuti akaonetsetse, ndipo kanamuonekera ngati kachidutswa ka chifu cha mbuzi kokhalitsa. Anapempha kuti apite nako kunyumba akakayang'ane bwino padzuwa, koma mneneriyo anakaponya pamoto. Kenako ananena kuti wodyetsayo ndi mkazi wapafupi, amene anamupatsapo chakudya iye ali chigonere.

Dzina silinatchulidwe, koma komboni yonse inalimva. Anesi sanakhulupirire kwenikweni, komanso sanatsutse pagulu. Apongozi analetsa mbale kudutsa pakati pa nyumba ziwirizo. Lucia atamva anangosiya kubwera, ndipo anthu awiri amene ankachotsana nsabwe kuyambira ali atsikana anatsala opatsana moni wa pachitsime. Mimba nayo inapitiriza monga kale.

Pang'onopang'ono dziko la Anesi linachepa. Ankadziwa chitsamba chilichonse pakati pa komboni ndi mphambano. Maulendo a amayi a kutchalitchi anawasiya. Pamaliro, gule akatuluka, iye amene anali ndi mawu otsogolera nyimbo ankaima kumapeto kwa bwalo, kumbali ya njira ya kuchimbudzi. Hope anakula, anakwatiwa ndi mnyamata wogwira ntchito papurazi ya ng'ombe zamkaka ku Beatrice, ndipo amayi ake sanapiteko ngakhale kamodzi, poopa ulendo wa makombi wodutsa mu Harare. Akamufunsa ankati ntchito yachuluka.

Kukiliniki anapita chifukwa cha chala. Mpeni unaterera pachifu cha ng'ombe n'kumucheka kwambiri, ndipo mwini butchala anamukweza panjinga yamoto. Namwino amene anamulandira anali watsopano pamalopo, mayi wachishona wamagalasi dzina lake Tsitsi, amene anthu ankangoti asisita. Ali m'kati momanga balalo, mimba ya Anesi inalira kulira kwautali kokhala ndi mathero ake, ngati chitseko chadzimbiri. Anesi anayang'ana kudenga. Asisita sanaseke. Anamaliza kumanga, n'kufunsa ngati mimbayo imachita zimenezi kawirikawiri.

"Iyi ndi yakale, asisita. Ndinaizolowera."

"Yakale bwanji, Mai Hope?"

"Kuyambira chaka cha kolera."

Asisita anayang'ana mzere wa anthu pakhonde, kenako anamuuza kuti tsiku lodzasintha bandeji abwere chakumasana, anthu atachepa, kuti adzakambirane za mimbayo osati za chala.

Tsiku limenelo Anesi anayembekezera jekeseni kapena mapiritsi, koma analandira mafunso. Analankhula Chishona chosakaniza ndi Chichewa, ndipo pomwe mawu anasowa ankaloza ndi dzanja. Asisita anafuna kudziwa pamene pamapweteka, ngati ululu umasintha akapita kuchimbudzi, ndiponso maonekedwe a chimbudzicho. Anesi anachita manyazi poyamba, koma ataona kuti munthuyu akufunadi kumva, anafotokoza zonse mwatsatanetsatane, pakuti anali atazipenyetsetsa kwa zaka zambiri popanda womufunsa. Kenako mafunso anasintha. Kodi anaonapo magazi, kapena chimbudzi chakuda bii? Kodi zovala zayamba kukhwepa? Kodi amatentha thupi? Kodi ululu kapena kutsegulako kumamudzutsa kutulo? Kodi kumwezi akupita bwanji? Kodi pamtundu pawo alipo anadwala khansa ya m'matumbo? Anesi anayankha kuti magazi sanawaonepo, thupi ndi lomweli, ndipo akagona mimba nayo imagona.

Anafunsa chifukwa chake mafunso amenewa. Asisita anati pali matenda ena oopsa amene amayamba mofanana, ndipo zimenezi ndi zizindikiro zake. Asanatchule dzina la vuto lake ayenera kutsimikiza kuti enawo palibe. Anamugoneka pabedi, n'kumudina mimba mbali zonse, kufufuza chotupa. Anamuyang'ana m'zikope, anamukweza pasikelo, anamubaya chala kuyeza kachilombo, ndipo anamupatsa kabotolo koti abweretsemo chimbudzi. Chifukwa cha msinkhu wake, poti anali atapitirira zaka makumi anayi, ndiponso chifukwa cha kufufumako, anamulembera kuti apite kuchipatala cha ku Guruve akayezedwe magazi ndi kuunikidwa m'mimba, kuti aone ngati chiberekero ndi zoyandikana nazo zili bwino.

Ulendo wa ku Guruve anaupita osadya kanthu, Godfrey ali pambali. Koma mantha a ulendowo anachepa poganiza kuti lero aona m'kati mwake. M'chipinda chounikira, mayi wogwira makina anamupaka mafuta ozizira pamimba n'kumayendetsapo kachitsulo. Anesi anapempha kuti amutembenuzire galasilo. Mayiyo anadabwa pang'ono, koma anatembenuza. Zimene anaona zinamukhumudwitsa: utsi wotuwa wokhawokha, ukuyendayenda. Mayiyo anamulozera chiwindi, ndulu, impso, chiberekero. Pa ndulu pokha ndi pamene Anesi anavomera, chifukwa kathumbako kanali ndi maonekedwe amene ankawadziwa. Atafunsa za matumbo anauzidwa kuti makinawa sawaonetsa bwino, popeza mumakhala mpweya. Potuluka anauza Godfrey kuti ndulu yake ndi yooneka bwino, yocheperapo pa ya ng'ombe. Godfrey anati iye sakufuna kumva zimenezo.

Zotsatira zonse zitafika, asisita anamuuza kuti magazi ndi okwanira, kachilombo palibe, njoka palibe, chotupa palibe. Mawu akuti palibe Anesi anali atawamvapo, ndipo nthawi zonse ankatanthauza kuti bwererani kwanu.

"Ndiye kuti ndikunama?"

"Ayi. Mukudwala ndithu, ndipo matenda anu ali ndi dzina. Ndawaonapo mwa anthu ambiri."

Dzinalo linali lachizungu, lalitali, ndipo asisita analifupikitsa kuti IBS. Anati tanthauzo lake ndi matumbo osachedwa kukwiya. Anesi anafunsa kuti bala lake lili pati. Asisita anati palibe bala. Atati awatulutse matumbowo n'kuwatembenuza, angaoneke abwinobwino. Cholakwika ndi kayendedwe kake ndi kamvedwe kake. Matumbo amakankha chakudya podzifinya pang'onopang'ono. Koma matumbo a Anesi nthawi zina amathamanga, madzi asanayamwidwe, ndiye kutsegulako. Nthawi zina amachita ulesi, ndiye kuumako. Komanso amamva kwambiri: mpweya umene munthu wina sangaumve n'komwe, kwa iye umakhala ululu.

Apa Anesi anawongoka pampando. Anati mbuzi ikangophedwa kumene, matumbo ake amakhala akuyendabe okha m'beseni, ngati nyongolotsi, ndipo iye wakhala akudabwa kuti chimawayendetsa n'chiyani mutu utadulidwa kale. Asisita anati matumbo ali ndi mitsempha yawoyawo yambirimbiri, ndipo mitsemphayo imatumizirana mauthenga ndi ubongo; n'chifukwa chake munthu akachita mantha mimba imayamba kudziwa. Anawonjezera kuti kwa anthu ena vutoli limayamba pambuyo pa matenda aakulu otsegula m'mimba, ngati kuti matumbo anadzidzimuka ndipo sanakhazikikenso. Anesi anafunsa chifukwa chake ena amene anadwala naye chaka chomwecho ali bwinobwino. Asisita anavula magalasi n'kunena kuti zimenezo ngakhale madokotala sakuzidziwa bwinobwino. Yankho limeneli linamukomera Anesi kuposa mmene ankayembekezera. Aliyense amene iye anakamuonapo kale za mimbayi ankadziwa zonse.

Anauzidwanso zina ziwiri, chokoma ndi chowawa. Matendawa sapha, ndipo sasanduka khansa. Koma satheratu; amabwera n'kumapita, ndipo chimene munthu angachite ndi kuwaphunzira mpaka aziwalamulira. Asisita anamupatsa timapiritsi tomasula kupotokola, toti amwe ululu ukayamba, ndi ena oletsa kutsegula, oti asunge pa tsiku la ulendo kapena la msonkhano, osati tsiku lililonse. Makapisozi a m'chikwama aja anamuletsa. Anamuuza kuti azidya pa nthawi yake, pang'onopang'ono, osati kukhala ndi njala tsiku lonse n'kudzadzaza mimba madzulo, achepetse tiyi, zoziziritsa kukhosi ndi mafuta, azimwa madzi. Masabata ouma awonjezere therere ndi zipatso. Za zakudya zimene zimavuta anthu ambiri anatchula nyemba, kabichi, anyezi, mkaka ndi buledi, koma anamuchenjeza kuti asasiye zonse pamodzi, angafooke. Asiye chimodzi kwa masabata angapo, aone, kenako achibwezere, aonenso. Ndipo tsiku limene adzaone magazi, kapena kuyamba kuonda, kapena matendawo kusintha khalidwe, asadzati ndi zomwe zija, adzabwere msanga.

Ntchito imeneyi inamuyenera Anesi ngati anabadwira yomweyo. Anayamba ndi kabichi, amene ankamukayikira kuyambira kale, ndipo anapeza kuti kabichi wochepa alibe mlandu. Mkaka wosasa unalibenso mlandu, koma wamadzi unkamufufumitsa. Nyemba zinapezeka zolakwa, ngakhale kuti akaziviika kuyambira dzulo lake n'kutaya madziwo zinkachita chifundo. Chimene sanachiganizirepo ndi anyezi. Anyezi ankalowa m'chilichonse chimene ankaphika, kunyumba ndi kumphambano komwe, ndipo Lachisanu ndi Loweruka ankalawa msuzi tsiku lonse. Atamusiya, madzulo ena anazindikira kuti dzuwa lalowa chitenje chili chimangire. Sanakhulupirire msanga. Anabwezera anyezi dala, wambiri, ndipo tsiku lotsatira analipira. Anachitanso kachiwiri kuti atsimikize. Godfrey anamufunsa ngati munthu wanzeru amadzipweteka dala, iye n'kuyankha kuti kamodzi kakhoza kukhala mwangozi.

Kunyumba kunabuka kadandaulo, chifukwa Godfrey ankati ndiwo zopanda anyezi ndi za kuchipatala. Anagwirizana kuti ake azikazingiridwa padera m'kachiwaya. Kumphambano, Anesi anasiya kulawa msuzi ndipo ankadalira mphuno. Tiyi wa m'mawa wopanda chotafuna anamusiya, n'kuyamba phala. Kenako anatulukira china payekha: masamba obiriwira a anyezi sankamuvuta ngati mutu wake. Anakawauza asisita ngati munthu wotola chinthu panjira, ndipo asisita anati zimenezo n'zodziwika, ena amachitanso chimodzimodzi. Anesi anakhumudwa pang'ono kuti wina anamutsogolera.

Miyezi ingapo inadutsa bwino. Kenako kunamveka mphekesera yakuti mwini watsopano wa chigawo chimene pali komboni akufuna kugwetsa nyumbazo kuti alimepo. Amuna ankasonkhana pansi pa thanki ya madzi, akazi ankanong'onezana pachitsime. Anesi sanadye anyezi kapena nyemba, koma mimba inabwerera mwakale, mwinanso kuposa. Anapita kukiliniki wokwiya, n'kunena kuti zonse zija zinali zongotaya nthawi. Asisita anabwereza mafunso aja a magazi ndi kuonda, anamukwezanso pasikelo, kenako anafunsa zimene zikuchitika kunyumba. Anesi anafotokoza za nyumbazo, ndipo ali m'kati mofotokoza anamva mimba ikufinya. Anasiya kulankhula n'kuikapo dzanja.

"Yamva," anatero.

Asisita anati za komboni iwo alibe nazo mphamvu, koma anamuonetsa kapumidwe kodekha, kokokera mpweya mpaka mimba ikwere n'kuutulutsa pang'onopang'ono, koti azichita ululu ukayamba. Anati ngati zipitirira, dokotala amene amabwera mwezi ndi mwezi akhoza kumulembera piritsi laling'ono lakumwa tsiku lililonse, loziziritsa mitsemphayo. Anamufunsanso ngati ali ndi munthu amene amakhuthulirana naye zakukhosi. Anesi anati ali ndi Godfrey. Asisita anati Godfrey ndi mwamuna. Akufunsa za mnzake.

Funso limeneli anayenda nalo njira yonse. Apongozi ake anali atamwalira kale, koma lamulo lawo la mbale linali likugwirabe ntchito popanda wolikumbukira chifukwa chake. Loweruka lotsatira anapatula zvinyenze zabwino, n'kupita nazo kwa Lucia. Anamupeza akusankha mtedza pakhonde. Lucia anayang'ana mbaleyo, n'kuyang'ana mwini wake, osatambasula dzanja. Anesi anakhala pansi osaitanidwa ndipo anayamba kufotokoza za kukiliniki, za utsi wa pagalasi, za anyezi, za mitsempha ya m'matumbo. Anafotokoza motalika, chifukwa zinazo sankadziwa poyambira. Pomaliza anati m'mimba mwake anaunikamo monse ndipo simunapezeke chimene munthu anaikamo.

"Ine ndinkadziwa kale zimenezo," anatero Lucia. "Iwe ndi amene umafuna makina."

Lucia sanakhululuke tsiku lomwelo. Mbaleyo anailandira, koma inabwerera yopanda kanthu, itatumizidwa kudzera kwa Godfrey. Patapita masabata inabweranso ina, muli mbatata zophika, ndipo Anesi anadyera pakhonde, poonekera komboni yonse. Za kugwetsa nyumba zinazirala zokha mvula itayamba, mwini malo atafuna anthu obzala fodya, ngakhale kuti mpaka lero palibe amene akudziwa ngati zinatheratu. Piritsi la dokotala lija Anesi sanafike polifuna.

Chakumapeto kwa dzinja Hope anaimba foni kuti wachira, mwana wamkazi. Ulendo uno Anesi sananene za kuchuluka kwa ntchito. Anakonzekera monga anagwirizanirana ndi asisita: dzulo lake anadya zopepuka, m'mawa anadya phala pang'ono, anamwa piritsi loletsa kutsegula, ndipo enawo anawamanga pakona ya mpango. Mukombi anapempha mpando wapafupi ndi chitseko. Atayandikira Harare, magalimoto atathinana, kupotokola kunayamba. Anamwa kapiritsi kake, natseka maso n'kumapuma monga anaphunzitsidwira. Mtsikana amene anakhala naye pafupi anaganiza kuti akupemphera, ndipo anazimitsa nyimbo za pafoni yake. Ululu sunathe, koma unakhala woti munthu angayende nawo. Posinthira makombi anapeza chimbudzi cholipira, ndipo anadabwa kuona kuti zaka zonsezi ankaopa mzinda umene uli ndi zimbudzi.

Ku Beatrice dziko linali lathyathyathya, lopanda mapiri, ndipo ng'ombe zake zinali zamathothomathotho, zamabere aakulu kuposa zimene anaziona. Mkamwini wake, Passmore, anapha nkhuku. Hope anaphika monga anaphunzirira kwa amayi ake, anyezi wambiri, ndipo anakumbukira mochedwa, mbale zili kale pamphasa. Anafuna kuphika zina, koma Anesi anamuletsa. Anadya nyama, msuzi anangonyowetsa pang'ono, akudziwa bwino lomwe kuti mawa mimba idzalankhula ndiponso kuti mkuja idzaleka.

Atatha kudya anamupatsa mwana. Kanali kakhanda kolemera, katsitsi lambiri, ndipo kanali katangoyamwa kumene. Kanayamba kudzipinda, nkhope kufiira, timiyendo kukokera kumimba. Hope anati kamachita chonchi madzulo aliwonse ndipo anthu amuuza mankhwala osiyanasiyana. Anesi anati asakamwetse kanthu asanakafunse kukiliniki. Anakagoneka pamiyendo pake, n'kuika chikhatho pa kamimba kofundako. Pansi pa dzanja lake munkayenda tinthu, pang'onopang'ono, kuchokera mbali ina kupita ina. Anaweramira pansi n'kuikapo khutu. Passmore anafunsa mkazi wake monong'ona ngati umenewu ndi mwambo wa kwawo, ndipo Hope anati ayi, ndi amayi chabe.

Anesi anakhalako sabata ndi masiku angapo, tsiku lina labwino, lina lovutirapo. Tsiku lina m'mawa anapempha Passmore kuti amutengere kokamira ng'ombe, akaone mmene makina amakokera mkaka, ndipo anafunsa mafunso mpaka kapitawo anachita kumubweretsera mpando. Pobwerera kwawo anadzera kukiliniki kukatenga mapiritsi ena. Asisita anamufunsa za ulendo, iye n'kuyankha kuti unayenda, ndipo Khirisimasi akufuna kupitanso, ulendo uno ndi Godfrey.